Duwa losabereka lomwe lalemeretsa eni nazale ku Ulaya

Wamalonda aliyense, kaya ndi wa tomato mumsika wa Limbe kaya wa kaunjika ku Tsoka, amalota katundu wa mtundu umodzi: wosaola msanga, wosasowa kasitomala, komanso woti mnzako wa benchi loyandikana nawe sangakubere nzeru nkuyamba kugulitsa yemweyo mawa lake. Ambirife timakalamba tisanamugwire katundu wotereyo.

Eni nazale za maluwa ku England anamupeza. Si golide, si fodya ayi. Ndi kaduwa kabuluu kotchedwa Rozanne.

Duwali likayamba kuchita maluwa mu June silipuma mpaka chisanu chitalowa mu October kapena November. Miyezi isanu yathunthu lili mbuu! Anzake ambiri a mtundu womwewo amachita maluwa masabata owerengeka basi, kenako zii mpaka chaka chamawa. Mbande zake zagulidwa mamiliyoni ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2013 anthu a ku Britain ataponya voti anati pa zomera zonse zomwe zinatchuka pa chionetsero chachikulu cha maluwa cha Chelsea pa zaka 100, palibe choposa chimenechi.

Koma chodabwitsa nachi: duwali silibereka. Ngakhale njere imodzi. Munthu akakubweretserani kapaketi kokongola nkumati "iyi ndi mbewu ya Rozanne, yochokera kunja", gwirani chikwama chanu mwamphamvu, ameneyo ndi tambwali.

Si lija la pakhonde

Tiyambe tachotsa chisokonezo. Rozanne ndi wa mtundu wa geranium, ndipo tikatchula dzina limeneli ambiri mwaganiza kale za duwa lofiira lija la m'zitini za pakhonde, la masamba onunkhira mwachilendo ukawatikita, lomwe amayi amangothyola kanthambi kwa aneba nkukazika m'chitini cha mafuta ophikira. Lomwe anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu amakhala nalo m'machubu akuda. Ai, si limenelo.

Lija dzina lake lenileni ndi pelargonium, ndipo kwawo ndi ku South Africa. Azungu analitenga ku Cape m'zaka za m'ma 1600 nkupita nalo kwawo. Katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaika mitundu iwiriyi m'gulu limodzi mu 1753, ndipo mu 1789 katswiri wina wa ku France, Charles L'Héritier, anaisiyanitsa. Papita zaka zoposa 200 koma anthu akadali kunena kuti geranium. Musawaseke. Nafenso mankhwala aliwonse otsukira mano timangoti Colgate, sopo aliyense waufa timangoti Surf.

Kusiyanitsa kwake nkosavuta. Yang'anani duwa limodzi. La geranium weniweni lili ndi timasamba tisanu tofanana ndendende, totambasuka ngati kambale. La pelargonium timasamba tiwiri tam'mwamba timasiyana ndi titatu tam'munsi. Tsinde la pelargonium ndi lonenepa, losunga madzi, nchifukwa chake amapirira dzuwa ndi ulesi wa mwini wake. Koma mukamusiya panja m'chisanu cha ku England, madzi akamaundana m'mipope, mawa lake mupeza phala.

Geranium weniweni ndiye amachidziwa chisanu. Chikafika masamba ake amauma onse, iye nkugona pansi panthaka, ndipo kukayamba kufunda amadzukanso pa tsinde lomwelo. Wabzala kamodzi wabzaliratu, ngati nsenjere.

Dzinalo linachokera ku Chigiriki, ku mawu otanthauza mbalame ya mlomo wautali yonga kakowa, chifukwa kachibereko kake ka njere kamasongoka ngati mlomo wa mbalameyo. Kakauma kamathetheka nkuponya njere kutali ngati legeni. Sungani mfundo ya legeniyi, tiifunanso.

Munda wa nkhalamba ziwiri

Nkhani ya Rozanne inayambira m'kamudzi kotchedwa Kilve, m'chigawo cha Somerset, kumwera chakumadzulo kwa England. Kumeneko kunali a Donald Waterer ndi akazi awo a Rozanne, anthu oti anali atapuma pantchito. Koma a Donald sanali mlendo pa maluwa. Anabadwira m'banja la eni nazale otchuka a ku Knap Hill, m'chigawo cha Surrey, ndipo diso lawo linakulira pa mbande.

M'munda mwawo munali mitundu iwiri ya geranium yobzalidwa moyandikana, yonse yochokera ku mapiri a Himalaya, cha ku Nepal, India ndi Pakistan. Wina, Geranium himalayense, ali ndi maluwa akuluakulu abuluu koma sachedwa kutha. Winayo, Geranium wallichianum, maluwa ake ndi ochepa msinkhu, a diso loyera pakati, koma amayanga pansi ngati mbatata ndipo amachita maluwa mpaka kumapeto kwa nyengo. Njuchi zinachita zake, mungu wa uyu nkukafika kwa uyo.

Mu 1989 banjali linatola njere nkufesa. Pa mbande zomwe zinamera, imodzi inali yosiyana ndi zinzake: yamphamvu, masamba aakulu, maluwa aakulu, ndipo chaka chotsatira inachita maluwa kuyambira June mpaka November. Inatenga kukula kwa duwa kwa kholo lina, nkutenga khama ndi diso loyera kwa kholo linalo.

Apa mpomwe pali nzeru ya geni. Wina akanangoti "koma duwa ili ndi lokongola", nkumagawira alendo. Banjali linaona kuti lagwira chinthu. Linakambirana ndi Adrian Bloom wa kampani ya Blooms of Bressingham ya ku Norfolk, imodzi mwa nazale zodziwika kwambiri pa zomera zokhalitsa. Kampaniyo inatenga duwalo, nkuyamba kuliyesa, ndipo linatulukira pamsika mu 2000 pa chionetsero cha Chelsea mumzinda wa London. Analitcha dzina la mayi aja.

Chionetsero cha Chelsea musachione ngati masewera. Chimachitika mwezi wa May kuyambira 1913, a banja lachifumu amapitako, ma TV amakhalako sabata yonse, ndipo duwa likatchuka kumeneko ndiye kuti mwini wake wadya bwino. Rozanne analandira chizindikiro cha bungwe la Royal Horticultural Society chotsimikizira kuti ndi chomera chodalirika m'munda. Mu 2008 bungwe la Perennial Plant Association ku America linamusankha kukhala chomera cha chaka. Kenako voti ija ya 2013.

Duwa lenilenilo ndi lotani? Kukula kwake ndi masentimita 5, ngati kutalika kwa bokosi la machesi. Mtundu wake mukaufuna, kumbukirani jakaranda wa mu October, koma wobiriwirako pang'ono kupita ku buluu, pakati poyera, ndi timizere tofiirira tochokera pakatipo. Kukazizira buluuyo amakula mphamvu, kukatentha amapendekera ku pepo.

Phindu la kusabereka

Tsono nchifukwa chiyani silitopa?

Amayi ogulitsa therere lobala akudziwa kale yankho. Mukamathyola therere likadali lanthete, masiku awiri aliwonse, mtengo wake umapitiriza kuchita maluwa ndi kubala. Mukangolisiya kuti likhwime, mtengo umaona kuti ntchito yatha, njere zilipo, nkuleka. Chomera sichichita maluwa pofuna kusangalatsa inu ndi ine. Chikufuna ana. Ana akapezeka, mphamvu zonse zimapita kwa iwo.

Rozanne ndi mwana wa makolo a mitundu iwiri yosiyana, monga nyulu, mwana wa bulu ndi kavalo, yomwe imagwira ntchito ngati makina koma siibereka. Duwa limatseguka, njuchi zimabwera, duwa limafota, njere osaoneka. Chomera chimati mwina ndiyesenso. Chimatulutsa lina. Osaoneka. Chimayesanso, nkuyesanso, mpaka chisanu kuchipeza chikadali kuyesa. Khama lopanda mphotho limeneli ndi lomwe anthu akulipira ndalama.

Koma tisanamizane kuti kusabereka kokha nkokwanira. Kuli geranium wina wakale wotchedwa Johnson's Blue, yemwe anali mfumu ya abuluu Rozanne asanabwere. Nayenso sabereka, koma maluwa ake amachuluka kumayambiriro kwa nyengo yotentha, kenako amagwa mphwayi. Chomwe Rozanne anaposera ndi magazi a kholo loyanga lija. Nthambi zake zimangotalikirabe, ndipo mfundo iliyonse yatsopano imabwera ndi duwa lake.

Ubwino wina ndi wa legeni ija. Ma geranium obereka amaponya njere ponseponse, chaka chamawa mumapeza amera m'kapinga, m'njira, ngakhale kwa aneba. Rozanne amakhala pomwe mwamuika. Ife a kuno nkhani ya maluwa othawa m'munda tikuidziwa bwino. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire nkumavutitsa makina a magetsi ku Nkula kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko chifukwa anthu ankamukonda ngati duwa lokongoletsa madamu. Chikomekome cha mkuyu.

Kwa wamalonda, phindu lalikulu ndi ili: kasitomala sangasunge mbewu. Akafuna ena khumi, abwerere ku nazale ndi ndalama m'manja. Alimi a chimanga cha haibulidi akudziwa ululu wake, chaka chilichonse kusitolo. Kusiyana kwake nkoti chimanga mukabzala chobwereza chimamera ndithu, kungoti zokolola zimatsika. Rozanne alibe ndi chobwereza chomwe.

Zaka zingapo m'botolo

Mwina mwawerengera kale kuti kuchoka 1989 kufika 2000 ndi zaka 11. Ankachedwa chiyani?

Chinthu chopanda njere umachichulukitsa ndi thupi lake, monga timachitira ndi chinangwa, mbatata ndi nthochi. Ma geranium ambiri umangokumba chitsa nkuchigawa panayi, basi wapeza anayi. Rozanne ndi wouma manja. Nthambi zake zonse, ngakhale zitayanga mita yathunthu, zimachokera pa kachitsa kamodzi kothinana, ndipo sizimera mizu pomwe zakhudza dothi. Kugawa kachitsa kotere kumapereka mbande zochepa kwambiri. Ungadikire mpaka imvi usanadzaze lole imodzi.

Njira yomwe inatsegula msika ndi ya mu labotale, yomwe akatswiri amaitcha tissue culture. Amadula kachidutswa kakang'ono kwambiri pansonga yomera, nkukaika m'botolo loyera bwino momwe muli chakudya chonga phala lowuma. Kachidutswako kamaphuka timphukira tambiri, amatigawa, nkuikanso m'mabotolo ena, mpaka kuchokera pa chomera chimodzi apeza zikwi. Ogulitsa nthochi njirayi si yachilendo kwa inu. Matenda a chisaka atapululutsa nthochi ku Thyolo ndi Mulanje, mpaka kumakaoda nthochi ku Tanzania ndi Mozambique, zina mwa mbande zopanda matenda zomwe alimi analandira zinachokera m'mabotolo momwemo.

Ndiye taganizani. Rozanne aliyense amene ali ku London, ku New York kapena ku Amsterdam lero si mdzukulu wa mbande ya ku Kilve ija ayi. Ndi mbande yomweyo, yodulidwadulidwa.

Mkangano wa Jolly Bee

Pomwe pali ndalama sipalephera mlandu. Ku maiko amenewo munthu akatulukira mtundu watsopano wa chomera amakaulembetsa kuboma, ndipo kwa zaka zingapo wina aliyense wofuna kuchulukitsa kuti agulitse amayenera kutenga chilolezo ndi kulipira kangachepe pa mbande iliyonse. Ku America chitetezo chotere chimakhala zaka 20, ndipo cha Rozanne kumeneko chinatha kale. Ku Ulaya zomera za mtundu uwu zimatetezedwa zaka 25.

Nchifukwa chake pa kachikwangwani ka mbande mumaona maina awiri. Lolembetsa kuboma ndi Gerwat, kuphatikiza Geranium ndi Waterer. Dzina louma ngati chikonyo, palibe mayi angalowe mu shopu nkufunsa Gerwat. La malonda ndiye Rozanne. Azungu amadziwa kuti dzina limagulitsa katundu.

Rozanne atangoyamba kuyenda malonda, kunatulukira duwa lina kuchokera ku Netherlands, la mwini nazale wotchedwa Marco van Noort. Dzina lake Jolly Bee. Buluu yemweyo, diso loyera lomwelo, kuyanga komweko, kusatopa komweko. Alimi a maluwa anakangana zaka, ena nkumati Jolly Bee ndi wamkuluko pang'ono, ena nkumati mukunama ndi chimodzimodzi. Mwini wake ankati ndi lake, analipeza pa nazale yake. A Blooms of Bressingham anati ayi, ameneyo ndi Rozanne wavala chitenje china.

Nkhani inatenga zaka ili m'manja mwa maloya. Pomaliza anayeza DNA, monga amachitira pa mlandu wokana mimba, ndipo zotsatira zinaonetsa kuti kusiyana kwake kunalibe kapena kunali kochepetsetsa. Mu 2010 Jolly Bee anachotsedwa pamsika.

Kunena zoona, ogula sanataye kanthu, duwa ndi lomwelo. Koma kwa ife ozolowera msika womwe nsapato imalembedwa Adidas kumanja, kumanzere Abibas, nkhani yoti munthu angaletsedwe kugulitsa duwa lomera pa dothi lake imamveka ngati nthano. Komatu ndi lamulo lomweli lomwe linachititsa kuti kampani ilimbe mtima kuthira ndalama zaka zingapo pa kambande kamodzi ka nkhalamba za ku Kilve.

Kabzalidwe kake

Gawo ili likhudza kwambiri abale athu omwe ali ku Britain ndi Ireland ndipo apeza kamunda kuseri kwa nyumba, komanso anyamata athu ambirimbiri omwe akusamala minda ya mabwana ku Johannesburg ndi Cape Town. Muwatumizire. Wantchito wa m'munda wodziwa dzina la duwa ndi khalidwe lake sachotsedwa ntchito wamba.

Malo: Rozanne amafuna dzuwa, kapena dzuwa la m'mawa ndi kamthunzi masana. Kumalo kozizira ngati England muikeni padzuwa penipeni. Kumalo kotentha dzuwa la 2 koloko limamufooketsa, ndiye mpezereni pomwe mthunzi wa nyumba kapena mtengo umafika masana. Mumthunzi wandiweyani samwalira, koma amangotalika miyendo kufunafuna kuwala, maluwa apo ndi apo.

Dothi sasankha kwenikweni, bola lisakhale lodikha madzi. Mdani wake wamkulu si chisanu, ndi chithaphwi. Kachitsa kaja kakakhala m'madzi nyengo yozizira kamaola, ndipo poti nkamodzi, kakaola zonse zathera pomwepo. Ngati dothi ndi la makande, sakanizani ndi kompositi wambiri ndipo bedi likhale lokwererako.

Kumbani dzenje lotambalala kawiri kuposa chubu chomwe mbande yabweramo, koma lakuya chimodzimodzi. Thirirani mbande ikadali m'chubu, itulutseni, masulani pang'ono mizu ngati yapotana, ikani m'dzenje moti pamwamba pa dothi la m'chubu palingane ndi pamwamba pa nthaka. Osakwirira khosi. Tsenderani ndi manja, thirirani kheni yathunthu, nkuphimbira ndi kompositi kapena masamba ouma mozungulira, kusiya kampata pakhosi pomwepo.

Apa mpomwe ambiri amaonongera ndalama: mpata. Mbande imabwera kakang'ono, kokwana m'dzanja, munthu nkuona ngati bedi likhala lamanyazi, nkugula khumi pomwe pakufunika zinayi. Rozanne mmodzi amakwera mpaka pafupifupi theka la mita ndipo amayanga masentimita 60 mpaka 90, nthawi zina kuposa. Siyani masentimita 60 pakati pa mbande ndi inzake. Chaka choyamba muona maluwa ndithu koma dothi lizionekabe. Chaka chachiwiri ndi chachitatu simudzalionanso, ndipo udzu umasowa pomera. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Madzi ndi ofunika chaka choyamba, mizu isanalowe pansi. Thirirani mokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Akakhazikika amapirira ng'amba ya masiku angapo, koma mukamuumitsa kwambiri maluwa amachepa ndipo masamba amatha kugwidwa ndi kaufa koyera konga phulusa.

Feteleza musachite naye chibwana. Ife tinazolowera kuti chomera chikafooka ndiye kuti chikufuna urea. Mukathira urea kapena manyowa a nkhuku osaola pa Rozanne mupeza masamba obiriwira bii ngati mpiru, nthambi zofewa zogwera uku ndi uku, maluwa ochepa. Kompositi wa chaka ndi chaka, kumayambiriro kwa nyengo, ndi wokwanira.

Maluwa ofota simuyenera kuwathyola limodzilimodzi monga amachitira ndi marozi, pakuti palibe njere zoti muzilepheretse. Amayoyoka okha. Ntchito yomwe ilipo ndi ya sizasi pakati pa nyengo. Ikafika nthawi yoti nthambi zatalika kwambiri, pakati pachita dazi, maluwa ali kunsonga kokha, musachite mantha: metani theka lonse, thirirani bwino. Pakatha masabata awiri kapena atatu masamba atsopano atuluka ndipo maluwa ayambiranso. Ku England kumeta kotere kumachitika cha mu July kapena August. Ku Johannesburg nyengo ndi zotembenuka, ndiye kuti kubzala ndi cha mu September chisanu chitatha, kumeta cha mu January.

Chisanu chikayandikira masamba amafiira, kenako amauma. Dulani zouma zonse pafupi ndi nthaka. Tsono mverani bwino, pakuti apa mpomwe wantchito watsopano amapalamula. Pamalopo pamatsala dothi lokhalokha, ngati palibe kanthu, ndipo Rozanne amachedwa kudzuka poyerekeza ndi anzake. Munthu amabwera ndi khasu nkutipula bedi lonse, kapena kuzula chitsa nkutaya poganiza kuti chinafa. Bwana pobwera, mlandu. Zikani kamtengo pambali pa chitsa chilichonse masamba asanaume.

Tizilombo sitimuvutitsa kwambiri. Nkhono zomwe zimatha maluwa ena ku England zimamulambalala, akalulu nawo samukonda kwenikweni. Wa mumphika ndiye amagwidwa nthawi zina ndi timbozi toyera tokhota tomwe timadya mizu, ndipo chizindikiro chake nkufota pomwe dothi lili lonyowa. Mukaona zotere khuthulani mphika muyang'ane.

Mumphika amakhala bwino ndithu, bola ukhale waukulu, kukamwa kwake masentimita 30 kapena kuposa, wobooka pansi. Nthambi zimalendewera m'mbali ngati nsalu ya patebulo. Koma wa mumphika alibe kothawira, ludzu likamugwira wadalira inu, ndiye kukatentha muzimuyang'ana tsiku lililonse.

Akatswiri a minda amakonda kumubzala patsinde pa marozi. Rozi ndi duwa lokongola kumutu, miyendo yake ndi minga yokhayokha. Rozanne amaphimba miyendoyo, nkumalowetsa nthambi zake pakati pa anzake popanda kuwatsamwitsa. Adrian Bloom anafika pobzala mzere wautali wokhotakhota wa Rozanne yekhayekha m'munda wa ku Bressingham kuti uzioneka ngati mtsinje wabuluu.

Ndipo njuchi zimamukonda zedi, ngakhale iye sapindula nazo kanthu. Duwa lake ndi lotseguka, timadzi totsekemera tili poyera, ndipo limapezeka miyezi yomwe maluwa ena atha. Pelargonium wathu wa pakhonde uja ndiye njuchi sizimucheukira nkomwe. Mudzayang'ane nokha.

Nanga kuno?

Funso lomwe lili pakamwa pa ogulitsa maluwa ndi lakuti, tikamupeza tingadye naye? Makolo ake ndi a kumapiri ozizira, ndipo iye anazolowera kugona miyezi ingapo pachaka. Ngakhale ku America, m'zigawo zakumwera komwe kumatentha ndi chinyezi, amafooka pakati pa nyengo yotentha nkuleka maluwa. Ndiye za Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Mangochi tingoiwala. Woyesa ayesere kumtunda kozizira, ku Dedza, pa phiri la Zomba, ku Mzuzu kapena m'mphepete mwa phiri la Mulanje, ndipo ayambe ndi mbande imodzi, osati mpamba wonse.

Kumapiri kwathuko abale ake alipo kale, omera okha. Pa Nyika ndi mapiri ena aatali pamamera mitundu ingapo ya geranium weniweni, ya timaluwa ting'onoting'ono ta timasamba tisanu tofanana ndi kamlomo ka mbalame kaja. Umodzi akatswiri anautcha Geranium mlanjense, kutengera dzina la phiri la Mulanje. Anthu okwera phiri amatiponda osadziwa kuti ndi msuweni wa duwa lomwe linapambana voti ku London.

Amene mukuganiza zouza mlamu wanu wa ku Manchester kuti akuikireni mbande mu sutikesi, dziwani kuti chomera chamoyo sichilowa m'dziko muno ngati nsapato. Pamafunika chilolezo cha unduna wa zamalimidwe ndi chikalata cha dziko lomwe chikuchokera chotsimikizira kuti chilibe matenda. Popanda zimenezo chimathera pa bwalo la ndege. Lamuloli si lankhanza. Amene anaona minda ya nthochi ikutha ndi chisaka sangatsutse.

Kwa wogulitsa maluwa wa m'mbali mwa msewu wa Blantyre kapena Lilongwe, ndalama ya lero ikadali pa pelargonium yemwe tinamuchotsa m'nkhani poyamba uja. Ndi mwana wa kuno kumwera kwa Africa, dzuwa la October salimva, ndipo safuna botolo la mu labotale. Dulani kanthambi kotalika ngati chala chapakati, pansi pa mfundo, chotsani masamba am'munsi ndi maluwa onse, kasiyeni pamthunzi maola angapo kuti bala liume, nkukazika m'chubu cha dothi losakaniza ndi mchenga. Madzi pang'ono chabe, ambiri amaoletsa. Pakatha masabata atatu kapena anayi mizu yagwira, ndipo mukamatsina nsonga kamodzi kamachita nthambi zambiri, kasitomala nkuona chubu chodzaza.